MBADWO WA KAISER WILHELM, MFUMU YA AJEREMANI, NDI ZA KULOWA MAINA KWATHU KUNO

Mau onenedwa pa msonkhano wa mafumu ndi a Bungwe ku Chiponde, olembedwa kuti amene sanafike awerenge.



Pa msonkhano wathu wapitawo, tirikukamba za mirandu ya ufumu imene yacuruka m'midzi mwathu, mkuru wina anafunsa nati, Kodi Azungu nao amakangana pa kulowa dzina? Nanga mfumu ija ya Ajeremani, imene makolo athu anasenza akatundu pa nkhondo yace, inali mwana wa yani? Tinaseka tonse, koma panalibe woyankha. Mlembi anandipatsa ine nchito ya kufunafuna m'mabuku, ndipo zimene ndinapeza ndizo ndadza nazo lero. Ndipempha mupirire nane pa maina, pakuti ali olemera pa lilime, ndiponso banja limeneli linali ndi cizolowezi ca kubwereza maina awiri okha, Friedrich ndi Wilhelm, monga ife timamva Jalasi, Jalasi, osadziwa kuti ndi wacingati.

Ndiyambe ndi cinthu cimene nonse munaciona ndi maso. Mukacoka kuno, kupyola pa Namwera, ndi kutsika phiri, ndi kuoloka Shire kulowa m'boma la Mangochi, limene kale linali Fort Johnston, mupeza nsanja ya njerwa yokhala ndi koloko, yomangidwa mu 1903 ikhale cikumbutso ca Mfumukazi Victoria wa ku England. Pambali pace pali mfuti yaikuru yocokera m'sitima ya Guendolen. Anthu amapita pamenepo tsiku ndi tsiku, ena pa njinga, ena ndi madengu a usipa pamutu, osadziwa kuti zinthu ziwirizi ziri nkhani imodzi ya banja limodzi. Pakuti mfuti ija inaombera sitima ya Kaiser Wilhelm II, ndipo Wilhelm ameneyo anali mdzukulu weniweni wa mai amene nsanja ija imkumbutsa.

Titsate poyamba mzere wa kucimuna, popeza ndiwo umene Ajeremani anauyesa mzere wa ufumu. Pfuko lao dzina lace Hohenzollern, ndilo dzina la phiri la kumwera kwa Germany kumene makolo ao anamanga linga. Dzina la Zollern lioneka koyamba m'zolembedwa mu 1061. Pa nthawi imeneyo sanali mafumu akuru iai, anali ngati nyakwawa za cigawo cacing'ono. Kukwera kwao koyamba kunadza ndi ukwati: kufupi ndi caka ca 1192 mmodzi wa iwo, Friedrich, analandira udindo wa kusunga linga la mudzi wa Nuremberg, cifukwa anakwatira Sophia, mwana wamkazi wa mwini udindowo, amene anafa wopanda mwana wamwamuna. Mu 1415 Friedrich wina wa mbadwo womwewo anapatsidwa dziko la Brandenburg, m'mene muli mudzi wa Berlin, ndi mfumu yaikuru Sigismund, ngati mphotho ya kumthangata kwace. Ndipo mu 1618 dziko la Prussia linaphatikizidwa ku Brandenburg, kawirinso mwa mkazi, ndiye Anna, mwana wa mwini Prussia, amene anakwatiwa ndi Johann Sigismund. Mafumu, taonani cimeneci: anthu amene mwambo wao unakaniza mkazi kukhala pa mpando, maiko ao anawalandira m'manja mwa akazi.

Dzina la "mfumu" analitenga mocedwa. Pa 18 January 1701, m'mudzi wa Königsberg, Friedrich I anadzibveka yekha cisoti cacifumu pamutu pace, nakhala mfumu yoyamba m'Prussia. Atate wace, Friedrich Wilhelm, ndiye anayamba kutambasula dzanja ku Africa, pomanga linga pa gombe la dziko limene tsopano ndi Ghana mu 1683, ndipo malonda a pa lingalo anali golidi ndi akapolo. Kuyambira 1701 kufikira 1918 mafumu a Prussia anali asanu ndi anai. Sindidzawachula onse ndi nchito zao, kuti dzuwa lingatilowere. Koma awiri anafa opanda ana, ndipo apo ndipo mwambo wao uonekera bwino. Friedrich II, womveka pa nkhondo, analamulira kuyambira 1740 kufikira 1786, ndipo atafa analowa mwana wa mphwace wamwamuna. Friedrich Wilhelm IV anafa mu 1861, nalowa mphwace, Wilhelm I. Alongo analipo, ndi ana a alongo analiponso, koma palibe anawayang'ana.

Wilhelm I ameneyu ndiye gogo wa Kaiser wathu kucimuna. M'masiku ace nduna yace Bismarck inasonkhanitsa maiko a Ajeremani akhale amodzi, itagonjetsa Denmark, Austria ndi France. Ndipo pa 18 January 1871, tsiku lomwelo la kubvekedwa kwa kholo lace, Wilhelm analalikidwa Kaiser m'nyumba yacifumu ya ku Versailles, m'dziko la adani ace ogonja. Mau akuti Kaiser ndi omwe aja akuti Kaisara, dzina la mafumu a Aroma. M'masiku ace omwewo munacitikanso msonkhano wa ku Berlin wa 1884 ndi 1885, pamene Azungu anapangana za malamulo a kutenga maiko a Africa, popanda munthu mmodzi wakuda wokhala nao pa bwalo.

Mwana wa Wilhelm I anali Friedrich III. Iyeyu anadikira ufumu kufikira imvi, ndipo pamene atate wace anafa mu March 1888 anali atagwidwa kale ndi nthenda ya pakhosi, wosatha kulankhula. Analamulira masiku 99 okha. Motero m'caka cimodzi Ajeremani anaika maliro a mafumu awiri, ndipo pa 15 June 1888 analowa Wilhelm II, mnyamata wa zaka 29. Mzere wa kucimuna wathera pamenepo.

Tsopano titembenukire kucikazi, kumene ife Ayao ndi Amang'anja ndi Acewa timayambira tikafunsa munthu kuti, Kwanu nkuti? Amace a Wilhelm dzina lao Victoria, mwana woyamba wa Mfumukazi Victoria, wobadwa mu November 1840. Anakwatiwa ndi Friedrich mu January 1858, ali ndi zaka 17, nabala Wilhelm pa 27 January 1859. Kubadwa kwace kunali kobvuta, ndipo dzanja lace lamanzere linapunduka, nakhala nalo lalifupi ndi lopanda mphamvu moyo wace wonse. Pa zithunzithunzi mudzamuona alikulibisa, kapena kulisanjika pa lupanga.

Nayenso Mfumukazi Victoria, mwazi wace unali wa Cijeremani. Pfuko la atate wace linacokera ku Hanover, kumene Angerezi anakatenga George I mu 1714 cifukwa anafuna mfumu yosakhala ya Ciroma. Amace anali a ku Saxe-Coburg. Ndipo mwamuna wace Albert, amene anakwatiwa naye mu 1840, anali mwana wa mjomba wace, mlongo wa amace. Ndiko kunena kuti anakwatiwa ndi msuweni wace, monga agogo athu anakonda kucita kuti cuma ndi ulemu zisaturuke pa mudzi. Anabala ana asanu ndi anai, nawakwatitsa m'nyumba zacifumu za ku Ulaya konse. Wobadwa waciwiri ndiye Edward, mu November 1841, amene analowa ufumu wa England amace atafa pa 22 January 1901. Pa imfa imeneyo Wilhelm analipo, atagwada pambali pa kama wa agogo ace.

Pano ndipempha mafumu muchere khutu, pakuti apa ndipo ndinaima nthawi yaitali powerenga. Tiyese kuika banja ili pa mphasa ya kwathu. Mfumukazi Victoria ndiye tsinde la mbumba. Edward ndiye mwini mbumba, wosunga alongo ace ndi ana ao. Wilhelm ndiye mwana woyamba wa mlongo wamkuru, amene m'Ciyao timuti mwipwa, ndipo Edward ndiye mjomba wace, kapena kuti mtsibweni. Tsono Edward atafa mu May 1910, kukadakhala kuno, ndani akadalowa dzina? Si George V iai, pakuti George ndi mwana wobala cabe, ndipo kwao nku Denmark kumene kunacokera amace Alexandra. Akadalowa ndi Wilhelm. Mwa mwambo wathu, mfumu ya Ajeremani ndiyo inali yoyenera mpando wa England. Ndipo mpando wa Germany ukadapita kwa mwana wa Louise, mlongo wa Friedrich III, amene anakwatiwa ku Baden. Musandiyese wonena nthabwala. Mu 2013 Angerezi eni ace anasintha lamulo lao, nati wobadwa woyamba alowe, angakhale ali mkazi. Lamulo limeneli likadakhalapo mu 1901, amace a Wilhelm akadalowa ufumu wa England, ndipo popeza anafa mu August caka comweco, Wilhelm akadakhala mfumu ya maiko onse awiri, ndi ya Nyasaland yemwe.

Cibale cao sicithera apo. Amace a George V ndi amace a Nicholas II, mfumu ya Russia, anali a mimba imodzi, mkuru ndi mphwace. Cotero kwathu kuno George ndi Nicholas sitikadawayesa asuweni, koma acimwene. Ndipo mkazi wa Nicholas, Alix, anali mwana wa Alice, mphwao wa amace a Wilhelm. Cotero anali mlongo wace wa Wilhelm, ndi Nicholas mlamu wace. Atatuwa anadyera pamodzi m'Berlin mu May 1913, pa ukwati wa mwana wamkazi wa Wilhelm. Itapita miyezi 15, anthu ao anali kuphana.

Timati cibale ndi pfupa, siciola. Ine sinditsutsa mau a akuru. Koma ndinena kuti pfupa lingathe kuthyoka. Wilhelm ndi mjomba wace Edward sanakondane konse. Mnyamatayo anali kusirira ulemerero wa kwao kwa amace ndi kuuda panthawi imodzi, ndipo kuyambira 1898 anayamba kumanga zombo zankhondo zambiri zolingana ndi za England, cinthu cimene Angerezi sanathe kucipirira. Amace omwe anawacita mwano: tsiku limene atate wace anafa, anazinga nyumba ndi asilikari kuti afunefune makalata a makolo ace. Bismarck, nkhalamba imene inamanga ufumuwo, anaicotsa pa nchito mu 1890. Sindinena kuti nkhondo ya 1914 inabadwa mwa cidani ca pa banja cokha. Panali mapangano a maiko, ndi nduna, ndi akuru a asilikari, ndi nsanje ya malonda. Koma munthu wosamvera mjomba wace, kapena amace, kapena nkhoswe ya atate wace, ndani akadambweza?

Ufumu wa munthu ameneyu unatikhudza nkhondo isanayambe. Pa 1 July 1890 boma lace linapangana ndi Angerezi za malire, ndipo panganolo ndilo linaika mtsinje wa Songwe ukhale malire kumpoto, ndi gombe la kum'mawa kwa nyanja likhale malire a dziko la Ajeremani. Mau a pangano lomwelo ndiwo Malawi ndi Tanzania akhala akutsutsana nao pa za mwini nyanja. Caka cotsatira, 1891, Angerezi anapangana ndi Apwitikizi, ndipo kucokera m'pangano limenelo tinalandira malire awa ali pakhomo pathu, olekanitsa Chiponde ndi Mandimba, mjomba tsidya lino, mwipwa tsidya ilo. Mafumu athu sanafunsidwe. Jalasi anakana, napitikitsa asilikari a boma pa phiri la Mangochi mu 1892, koma anagonja mu 1895.

Pamene nkhondo inabuka mu August 1914, Guendolen, sitima imene inalumikizidwa ndi kuikidwa pamadzi pa Fort Johnston mu 1899, inatumidwa kukafuna sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann. Inaipeza iri pamtunda pa dooko la Sphinxhaven, kumene tsopano ndi Liuli, niiombera. Mkuru wa sitima ya Ajeremani, Berndt, anali bwenzi la Rhoades, mkuru wa Guendolen, ndipo anali asanamve kuti kuli nkhondo. Anapalasa bwato kudzafunsa cimene mnzace analikucita, nagwidwa pomwepo. Azungu amaikamba nkhani iyi moseka. Zotsatira zace sizinali zoseketsa. Pa 9 September 1914 kunali nkhondo ku Karonga, ndipo akufa ambiri mbali zonse ziwiri anali anthu akuda. John Chilembwe analemba kalata m'caka comweco kufunsa cifukwa cace amphawi a dziko lino afera mlandu wosati wao, ndipo mu January 1915 anauka, naphedwa. M'zaka zinai za nkhondo ya Ciwaya, amuna a Nyasaland ofika ngati 200,000 anatengedwa ku nchito ya mtengatenga. Mu November 1917 von Lettow-Vorbeck anaoloka Ruvuma ndi gulu lace kulowa m'dziko la Apwitikizi, ndipo pamenepo njira yathu ino, yocokera ku Fort Johnston kudzera pa Namwera, inasanduka njira ya asilikari ndi amtengatenga omlondola. Agogo anga akazi anatiuza kawirikawiri za mjomba wa amao, amene anagwidwa usiku alikugona m'nyumba mwace, nasenzetsedwa mtolo wa ufa kunka kum'mawa, ndipo sanabwere. Manda ace palibe awadziwa. Iye ndiye akadalowa dzina pa mudzi pathu. Ndikhulupira kuti m'nyumba muno mulibe pfuko lopanda nkhani yotere.

Pa 9 November 1918 kunalalikidwa ku Berlin kuti Kaiser watula ufumu, ndipo m'mawa mwace anathawira ku Netherlands. Lettow-Vorbeck anatula zida ku Abercorn, ndiko ku Mbala m'Zambia, pa 25 November. George V anali atafafaniza kale dzina la Cijeremani la banja lace mu 1917, nalicha Windsor, cifukwa ca manyazi pamaso pa anthu ace. Nicholas ndi Alix anaphedwa ndi ana ao onse mu July 1918. Wilhelm anakhala m'mudzi wa Doorn, nchito yace kudula mitengo ndi kuwaza nkhuni, kufikira imfa yace pa 4 June 1941. Ulamuliro umene unayamba m'Brandenburg mu 1415 unatha zitapita zaka 503.

Tsono ndiyankhe funso loyamba la mkuru uja, ngati Azungu amakangana pa dzina. Amakangana ndithu, angakhale pamene mpando palibe. Wilhelm anabala ana amuna asanu ndi mmodzi, ndi wamkazi mmodzi. Banjalo linasunga lamulo lakuti wokwatira mkazi wosakhala wa mwazi wacifumu ataya malo ace. Mwa lamulo ili mdzukulu woyamba anataya ukuru mu 1933, nulandira mphwace Louis Ferdinand. Iyenso ana ace awiri oyamba anakwatira akazi wamba. Ndipo pamene anafa mu 1994, anasiya colowa kwa mdzukulu wace Georg Friedrich, wobadwa mu 1976, mwana wa mwana wace wamwamuna wacitatu. Atate ace akuru aja anapita ku mabwalo a mirandu, ndipo mlandu unakwera kufikira bwalo lalikuru la malamulo a dziko mu 2004; komabe ukuru wa banja unatsala ndi mdzukuluyo.

Cimene ndinazizwa naco m'kufunafuna kwanga ndi ici, kuti ine munthu wa ku Chiponde ndinatha kulondola makolo a mlendo kufikira 1061, caka ndi caka, mkazi ndi mwana, koma mzere wa agogo anga ndingathe kuuchula mibadwo isanu yokha, ndipo pa wacisanu azakhali anga awiri atsutsana. Kulemba sikunawaletse Ajeremani kukangana, monga mwamva. Koma pa mlandu wao palibe anatsutsa kuti uje anabadwa mwa uje. Anatsutsana pa lamulo lokha. Kwathu timatsutsana pa zonse ziwiri. Ndinakhalapo pa mlandu wa mudzi wina, umene sindidzauchula, pamene mbumba ziwiri zinalimbana zaka zisanu ndi ziwiri pa funso limodzi, lakuti mwa amai awiri amene anafa kalekale, wamkuru anali uti. Nkhalamba yokha yodziwa inali itamwalira caka cimodzi mfumu isanafe. Zaka zonsezo mudzi unalibe woweruza za minda, ndipo anthu anatha mbuzi ndi ndalama pa maulendo a ku boma.

Ndiponso mwambo wathu sulinso wokha m'dziko. Kuyambira lamulo la 1912 limene linaika mafumu akuru pansi pa Bwanamkubwa, ndi la 1933 limene linawapatsa mabwalo, kufikira lamulo la mafumu la 1967, dzina la mfumu liyenera kubvomerezedwa ndi boma, ndipo boma limafunsa umboni. Pakalipano ana obala a mafumu, amene apita ku sukulu ndi kuona za mitundu yina, ayamba kufunsa cifukwa cace mwipwa alowa ndipo iwo atsala. Ine ndiima ndi mwambo wa mbumba, pakuti mai wa munthu sakayikitsa, ndiponso mwambo wathu upatsa akuru a mbumba mphamvu ya kulumpha munthu wosayenera ndi kusankha mnzace wofatsa, mphamvu imene Ajeremani analibe mu 1888. Ena mwa inu aganiza mwina, ndipo ndi bwino tidzakambe poyera. Koma tingatsate njira iri yonse, tiyenera kudziwa wobala ndi wobadwa. Yohanna Abdallah anatiyambira nchito iyi ndi buku lace la Chiikala cha Wayao mu 1919; ife sitinaipitirize pa midzi yathu.

Cifukwa cace ndiika pempho ili pamaso pa Bungwe, kuti likambidwe ndi kubvomerezedwa kapena kukanidwa lero. Bungwe ligule buku limodzi lalikuru la cikuto colimba. Mfumu iri yonse, pa msonkhano ukudzawo, idze ndi amai awiri okalamba a mbumba yace, wina wa nyumba yaikuru, wina wa nyumba yaing'ono, kuti achule mzere kuyambira pa kholo lacikazi limene linafika nalo dzina kuno, ndi ana ace monga anabadwira, ndi onse amene analowa dzina, ndi amene analumphidwa ndi cifukwa cace. Mlembi alembe pamaso pa onse, nawerenge mokweza m'Ciyao ndi m'Cinyanja. Pamene amai awiriwo asiyana mau, alembe mau onse awiri, asasankhe yekha. Amene abale ao odziwa ali ku Mandimba, awatumire mthenga msanga, mvula isanatseke njira. Za mtengo wa buku ndi za cakudya ca amai amenewo ndisiya m'manja mwa msungi wa cuma.

Bambo wa pa mpando, mau anga ndi omwewo.